Ndilibe Mayi

Jekete anali atangowakhazika amayi ake pampando wamatayala pamene alendo ena analowa m'chipinda, odi wawo akumveka iwo atafika kale pakati pa nyumba. Anali amayi awiri a kumapemphero. Wina anali wamfupi, atanyamula malalanje m'jumbo, winayo wamtali wa magalasi, amene anthu ankangomutchula kuti Aphunzitsi ngakhale anapuma ntchito kalekale. Jekete anafuna kutsitsa mkono wa malaya, koma amayi ake anali atamugwira kale ndi dzanja lamanzere, lokhalo limene matenda anawasiyira, chala chachikulu chili pamalo pake pa masiku onse.

Tsono Aphunzitsi anali munthu woti cholembedwa sichimudutsa. Kaya ndi katoni, kaya ndi kalendala ya chaka chatha, amayenera kuwerenga basi. Anawerama, kukankhira magalasi m'mwamba, n'kuyamba kuwerenga mkono wa Jekete ngati chikwangwani cha pamsewu.

"Ndi... li..."

"Akuti ndimakonda mayi," anatero amayi a Jekete. Lilime lawo linali lolemera chiyambire matendawa, koma mawu amenewa anatuluka onse, osapunthwa.

Aphunzitsi anamalizitsa chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Anayang'ana Jekete, anayang'ana odwalawo, kenako anatsokomola n'kunena kuti ana otere ndi osowa masiku ano. Wamalalanje uja, amene sanaone kanthu, anavomereza ndi mtima wonse. Jekete anasolola mkono wake pang'onopang'ono n'kutuluka, thukuta lili kamukamu.

Pamkono wamanjawo, kuyambira pafupi ndi chigongono kutsikira kudzanja, panali mawu awiri a zilembo zikuluzikulu zokhotakhota, zosuluka mpaka kubiriwira: NDILIBE MAYI.

Anawalembetsa ali mnyamata, ndevu zisanamere. Bambo ake atamwalira, amayi ake anakwatiwanso ndi mwamuna amene ananeneratu kuti mwana wa mwamuna mnzake sadzadya m'mbale yake. Mnyamatayo anakasiyidwa kwa amalume ake, kalipentala, ati kwa kanthawi. Kanthawiko kanatalika mpaka nsapato zimene amayi ake anamusiyira zinamuthina n'kupatsidwa kwa msuweni wake. Tsiku lina, kuseri kwa milu ya matabwa, mnzake wina wa mutu wotentha anamanga singano ndi ulusi, kuswa bolopeni, n'kumufunsa kuti amulembe chiyani. Jekete sanaganize kawiri. Ankafuna mawu oti amayi akewo akadzawaona adzamve kuwawa. Mkwiyo unamuiwalitsa chinthu chimodzi, choti amayi ake kusukulu sanapondeko.

Amayiwo anadzabweradi, ukwati uja utatha, iye ali kale ndi benchi yakeyake komanso mkazi woyembekezera. Tsiku loyambalo anamugwira mkono, kuutembenuza, n'kufunsa kuti zolembazi zikuti chiyani. Yankho Jekete anali atalikonza kwa zaka, lokhala ndi minga yake. Koma atawaona mmene anaondera, mpango wa kumutu utasuluka, pakamwa pake panatuluka zina. Anati akuti ndimakonda mayi. Sikuti chinali chikondi ayi, tsiku limenelo chikondi panalibe. Anangoopa kulira kwa munthu wamkulu. Amayiwo anafunsa kuti nanga liwu loti mayi ndi liti pamenepa. Iye anawalozera la kufupi ndi dzanja, iwo n'kuikapo chala.

Chikondicho chinadzabwera pambuyo, osagogoda n'komwe. Amayiwo analera ana ake onse, ankamudikira ndi madzi ofunda akamaweruka, ndipo ankakangana naye pa kapangidwe ka mipando ngati kuti anagwirapo sowo. Jekete anayamba kuuda mkono wake. Anayamba kuvala malaya a manja aatali, dzuwa liswe mtengo, utuchi umate thupi, iye mabatani ali chimangire. Anzake a kushedi ndiwo anamupatsa dzina la Jekete, ndipo linamukakamira moti ngakhale mkazi wake ankamuitana nalo akafuna kumuseka. M'chipinda cha amayi ake mokha ndimo ankapinda malaya, chifukwa eniakewo ankadandaula kuti mabatani amawakanda akamawanyamula. Wowanyamula analinso iye yekha, m'mawa ndi madzulo, poti mkazi wake msana unkamuvuta.

Alendo atapita, mkazi wake anamupeza kukhitchini ataima duu, akuyang'ana ketulo yoti sinali pamoto.

"Lero Aphunzitsi akusungirani ulemu," anatero. "Mawa kudzabwera wina wopanda mabuleki pakamwa. Mudzatani, a Jekete?"

Jekete anati azingotseka chitseko akamawanyamula. Mkaziyo anaseka kuseka kopanda chimwemwe, n'kumufunsa ngati adzatsekerenso panja anesi, abusa ndi adzukulu amene akuwerenga kale nyuzipepala. Kenako anamuuza za mng'ono wa mnzake wina, amene anali ndi dzina la chibwenzi chakale paphewa, lero pali duwa loti ungafune kulinunkhiza. Anamukonza ndi mayi wina wochita za matatuu, kuseri kwa babashopu ya pafupi ndi depoti. Jekete anakana. Anati iye ndi munthu wa imvi, sangakakhale pamzere ndi ana a ndolo m'mphuno.

"Ana a eni mukuchita nawo manyazi," anatero mkazi wake, akuika ketulo ija pamoto. "Amayi anu ndiye ayi."

Mawu amenewo anapita naye kushedi m'mawa mwake, ndipo tsiku lonse anapala matabwa ngati amulakwira. Pofika Loweruka anapezeka akudutsa pakati pa anyamata odikira kumeta, maso ali pansi, n'kugogoda pa kachitseko ka kumapeto.

Kachipindako kanali koyera kuposa mmene ankaganizira. Pansi panali matailosi, pakati kabedi kokutidwa ndi pulasitiki, pambali nyali ya khosi lalitali ndi timabotolo ta inki titandandalikidwa pashelefu, fungo la sipiriti lili guu. Mwiniwake anthu ankamutchula kuti Nasingano. Anali mayi wathupi, wosatalikirana naye zaka, ndipo pakamwa pake sipankapuma. Jekete asanakhale n'komwe pansi anali atauzidwa kale kuti ntchito yambiri ya m'chipindamo sinali yojambula zatsopano, koma yokwirira zimene anthu analemba mitu itatentha. Mayina a zibwenzi ndiwo ankamudyetsa. Panali bambo wina amene anabwera kudzaphimbitsa dzina la mkazi woyamba ndi nsomba, chaka chotsatira n'kubweranso kuti nsombayo ikule imezenso wachiwiri.

"Nanga inu akulu, anakuthawani ndani? Tapindani tione."

Jekete anapinda malaya. Nasingano anakokera nyali pafupi n'kuwerenga. Anayendetsa chala cha golovesi pazilembozo, akumva mmene zinatukukira.

"Alipo?"

"Alipo. Ndikukhala nawo."

Mayiyo anangogwedeza mutu, sanafunsenso. Anamufotokozera kuti asamve za anthu, tatuu safufutika ngati choko. Inki yakale imakhala momwemo mpaka munthu adzapite nayo. Chimene iye amachita n'kuyala ina yoderapo pamwamba, chithunzi chake chokulirapo, chokhala ndi mizere yambiri yoti diso lisochere, lisapezenso zakale zija. Jekete anamva msanga. Ndi mmenenso iye ankachitira ndi thabwa lothimbirira, kulipaka vanishi wakuda kuti banga libisale, ngakhale mwini ntchito amadziwabe pamene lili.

Nasingano anamuonetsa mkango, iye anakana. Anamuonetsa chiwombankhanga, anakananso, ati sakufuna chinthu cha maso chizimuyang'ana akamadya. Mayiyo anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Mapeto ake anagwirizana za nthambi yaitali ya masamba othithikana, yoyenda kuchokera kudzanja kukafika kuchigongono. Kalipentala ndi mtengo, anatero Nasingano, palibe amene adzafunse.

Anayambira kufupi ndi dzanja. Ati kumeneko ndiko kumapweteka kwambiri, ndipo iye amakonda kuthana ndi zowawa munthu akadali ndi mphamvu. Kamakina kake kobayira kankalira ngati ka ometa aja, koma kuluma kwake kunali kwina. Jekete analuma mano, maso ali kudenga, osafuna kuona. Patapita nthawi ndithu kamakina kaja kanasiya kulira. Nasingano anapukuta mkono, kuuyang'anitsitsa, n'kunena kuti lero alekere pomwepa. Mnzake wa bolopeni uja anabaya mozama ngati akukhoma misomali, zipsera zake zinali zolimba, ndipo khungu linali litatupa n'kuyamba kukana inki. Kulikakamiza kukanangowononga. Anamukulunga, kumupatsa mafuta opaka, n'kumuuza kuti mawa amasule kuti papite mphepo, abwerenso pakapola bwinobwino adzamalize.

Kunyumba Jekete anawauza amayi ake kuti wadzicheka ndi tchizulo. Bodza linatuluka mosavuta, ngati lija la kale. Amayiwo anadandaula, anamukalipira kuti munthu wamkulu azigwira zitsulo ndi maso, kenako atawakhazika pampando anaika chala pamwamba pa bandeji, pamalo pomwe paja, mopepuka kuti asamupweteke. Jekete anamva chisoni chimene sanachiyembekezere, koma anadzilimbitsa mtima kuti akuchita zimenezi chifukwa cha iwo omwewo.

Bandejiyo sanaimasule mawa lake monga anauzidwira. Ankaimasula kushedi, pobwera kunyumba n'kumanganso ina. Mkazi wake anamusiya masiku angapo, kenako anamufunsa ngati akufuna mkono uwole kuti audule, nkhani ithere pomwepo. M'mawa wotsatira analowa m'chipinda cha amayi ake mkono uli pamtunda.

Anawapatsa moni, anatsegula makatani, anawanyamula monga mwa nthawi zonse. Atawakhazika, dzanja lija linabwera lokha, chala chachikulu n'kutera pamalo pake. Chinaima. Chinayenda pang'ono kukwera, kutsika, ngati munthu wofufuza swichi mumdima. Kenako amayiwo anaweramitsa mutu n'kuyang'ana. Pamene panali liwu lawo lija panali masamba akuda bii, onyezimira ndi mafuta.

Jekete anayamba kulongosola kuti ndi zokongoletsa chabe, zamasiku ano, anzake onse akuchita. Amayiwo sanamuyang'ane kumaso. Anachotsa dzanja lawo n'kuliika pamwendo, pamwamba pa lakufa lija, ndipo anapempha kuti awatembenuzire kuwindo.

Madzulo ake anati asawanyamule. Anati msana wa mwana wawo watopa, aitane bambo a nyumba yoyandikana athandizane ndi mpongozi wawo. Jekete anaima pakhomo pa chipinda, manja ali lende, akuonerera munthu wa eni akupepesa uku akunyamula amayi ake mokhotakhota. Mawa lake zinali chimodzimodzi. Phala ankangolawa n'kukankha mbale. Malalanje aja, amene ankawakonda, anafota pawindo. Sankakalipa, sankalira, ankangoyankha moni mwaulemu ngati ali kwa eni, ndipo ulemu umenewo unkamupweteka Jekete kuposa singano ya Nasingano.

Iye ankaganiza kuti akwiya ndi bodza la tchizulo, kapena akuona ngati mwana wawo walowerera ukalamba uno. Anadziwa zoona zake tsiku limene mkazi wake anamulondola kushedi, chinthu chimene sankachita wamba. Anamukokera kuseri kwa matabwa n'kumuuza kuti amayi apempha kuti aimbire foni mng'ono wawo adzawatenge. Akuti akakhale kumeneko masiku otsalawa.

"Chifukwa chiyani?"

"Ndawafunsa. Akuti mwatopa nawo. Akuti mwawafufuta."

Jekete anapinda malaya pomwepo n'kuyang'ana mkono wake ngati akuuona koyamba. Masiku onsewa ankangoona pamene paphimbidwa, n'kumadziuza kuti theka la ntchito latha. Tsopano anawerenga zimene zinatsala. Liwu loti MAYI linali litapita. La kuchigongono linali pomwepo, lathunthu, likumuyang'ana: NDILIBE. Anakhala pansi pa mulu wa utuchi, mutu uli m'manja. Munthu wofuna kuchotsa chitonzo anali atachotsa liwu lokhalo limene amayi ake ankalidziwa, limene anawalozera yekha ndi chala chake.

Anati akawauza zoona. Mkazi wake anachita mantha. Anati munthu wa matenda otere sauzidwa zinthu zolemera, bwanji angonena kuti ntchito sinathe, dzina libwereranso. Jekete anapukusa mutu. Mabodza awiri anali atamufikitsa apa, lachitatu sankalifuna.

Linali Lamlungu masana, ana atapita kokacheza, pamene anawakankhira amayi ake pakhonde pomwe pankawomba kamphepo. Anatenga kampando kafupi n'kukhala patsogolo pawo. Mawu amene anawakonza masiku onsewo anabalalika. Anangoti, "Amayi, pali zimene sindinakuuzeni za mkono uwu."

"Pinda malaya," anatero iwo.

Anapinda. Amayiwo anakoka mkonowo n'kuugoneka pamwendo pawo. Chala chawo sichinapite kumasamba kuja. Chinakwera mpaka kuchigongono, n'kuima pachilembo choyamba.

"Ndi," anatero, chala chikusuntha. "Li. Be."

Anawerenga mmene amawerengera ana ongoyamba kumene, kudula liwu m'zidutswa. Kunja kwa mpanda kunkadutsa wogulitsa makala akuitanira malonda, ndipo Jekete anamumva mpaka mawu ake anazilala kumapeto kwa msewu.

Nkhaniyo inatuluka pang'onopang'ono, lilime likukana, iwo akupumira m'njira. Chaka chomwe anabwerera chija, anamva kuti muholo ya kutchalitchi mumaphunzitsidwa anthu akuluakulu masana. Kunyumba ankatsanzika kuti akupita kumapemphero, poopa kusekedwa. Sankafuna kuwerenga nyuzipepala kapena zikwangwani za mabasi ayi. Ankafuna chinthu chimodzi chokha, kuti adzawerenge ndi maso awo, popanda wowauza, kuti mwana amene anamusiya amawakonda. Anaphunzira zilembo, anaphunzira kuzilumikiza, anafika polemba ndi pensulo. Tsiku lina Jekete anabwera kuntchito atatopa n'kugona pampando, mkono uli lende, batani litamasuka. Iwo anagwada pambali pake n'kuwerenga.

"Ndinabwereza," anatero. "Ndimayesa ndalakwitsa, poti ndinali wongoyamba. Kusukulu kuja sindinapitekonso."

"Zaka zonsezi, Amayi? Bwanji simunanene?"

"Ndikanati chiyani? Unalemba zoona. Ndinakusiya."

Jekete anafuna kutsutsa, kunena kuti anali mwana, kuti zinapita, koma iwo anamufinya mkono kuti akhale chete. Anati usiku wa tsiku limenelo analira, inde, koma kutacha anakumbukira kuti mwana yemweyo anawanamiza kuti asalire, ndipo anaona kuti mwana wonama bodza lotero sanawade yense. Bodzalo analisunga ngati mphatso. Ndi chifukwa chake anamudula Aphunzitsi pakamwa, kuti mwana wawo asachite manyazi pamaso pa alendo. Za mabatani okanda zija zinalinso zongopeka. Ankangofuna mkonowo uzikhala pamtunda.

"Pamkono pako panali mawu awiri," anatero. "Lina lako, lina langa. Ine ndinkagwira langa. Tsono iwe wachotsa langa, wasiya lako."

Apa Jekete analira, kulira kwenikweni kwa mamina, bambo wa imvi pakhonde masanasana. Ali mkati molira anafotokoza zonse, za manyazi a tsiku la alendo lija, za kachipinda ka kuseri kwa babashopu, za nthambi imene imayenera kukwera mpaka kuchigongono, za khungu limene linatupa ntchito ili pakati. Anati ankafuna kukwirira onse awiri, chifukwa sankadziwa kuti lina lili ndi mwiniwake.

Amayiwo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako mbali yamoyo ya pakamwa pawo inakwera pang'ono.

"Ndiye mayi ameneyo ntchito amayambira kumchira?"

Jekete anaseka misozi ili m'masaya. Anati Loweruka likubwerali apita akamalizitse, liwu loipalo lichoke. Amayiwo anayang'ananso zilembo zotsalazo, akuzisisita ndi chala.

"Ukhoza kulisiya," anatero mofatsa. "Posachedwapa likhala loona."

Mawu amenewo anamulowa mpaka m'mafupa, chifukwa sanawanene modandaula. Anawanena ngati akunena kuti mvula ibwera. Jekete anapukuta kumaso ndi mkono wa malaya n'kuwayankha kuti tsiku limenelo likadzafika adzadziwa yekha, sadzafunika kuwerenga pamkono. Koma lero ali nawo, ndipo Loweruka apitira limodzi.

Foni ya kwa mng'ono wawo ija sinaimbidwe. Madzulo amenewo bambo a nyumba yoyandikana atafika pakhomo, akupinda kale malaya, anauzidwa mwaulemu kuti zikomo, mwiniwake wa ntchito wachira.

Loweruka mpando wamatayala unakana kulowa pachitseko cha babashopu. Jekete anausiya panja, kupinda malaya onse awiri mpaka m'zigongono, n'kuwanyamula amayi ake m'manja. Anadutsa nawo pakati pa anyamata aja, makina ometera atasiya kulira, aliyense akufutukula miyendo kupereka njira. Ena anawerenga zimene zinali pamkono, koma iye sanasamale.

Nasingano atamva nkhani yonse anagwira pakamwa, ndipo anapepesa kwa amayiwo mpaka iwo anamuuza kuti basi, akwana. Nasingano anati NDILIBE amukwirira lero lomwe, khungu lapola. Koma za kubwezera liwu linalo pamalo pake akale, anati sizingatheke. Pa inki yakuda sipalembeka kanthu, pakufunika khungu loyera. Jekete anatambasula mkono wamanzere, umene sunalembedwepo chibadwire. Mayiyo anatulutsa buku la zilembo zamitundumitundu, zopendekera, zamaluwa, zonga za pasatifiketi, kuti asankhe. Jekete sanalitsegule. Anapempha cholembera chimene Nasingano amajambulira pakhungu asanabaye, n'kuchiika m'dzanja la amayi ake.

Amayiwo anakana poyamba. Anati dzanja limene linaphunzira kulemba ndi lakufali, lamanzereli silidziwa kanthu, awononga mkono wa mwana wawo. Jekete anati mkonowo ndi wawo womwe, awononge. Nasingano anapukuta pakhungu ndi sipiriti, anakokera nyali pafupi, n'kugwirizira mkonowo kuti usagwedere.

Zinatenga nthawi. Cholembera chinkanjenjemera, lilime la amayiwo lili panja pang'ono. M anatuluka wamkulu, mwendo wina wautali. A anatsamira kwa mnzake. Y anaoneka ngati mphanda ya mtengo, ndipo I anatsetsereka kutsika yekha kumunsi. Atamaliza anabweza mutu m'mbuyo, kuyang'ana, n'kudandaula kuti aphunzitsi awo a kuholo kuja akanaona akanawabweza.

Nasingano anafunsa ngati awongole pang'ono, zilembo zifanane msinkhu.

"Ayi achemwali," anatero Jekete. "Mudutse momwemo."

Kamakina kanayamba kulira. Ulendo uno Jekete sanayang'ane kudenga. Amayi ake anatambasula chala kufuna kukhudza, Nasingano n'kuwaletsa kuti adikire papole, ndipo anangomugwira padzanja, kumunsi pang'ono kwa liwu lawo. Singano itafika pa Y uja anaona nsagwada za mwana wawo zikulimba, ndipo anamufunsa ngati zikupweteka. Jekete anati ayi, sizikupweteka.

"Wayambanso kunama," anatero amayi ake, osamusiya dzanja.